Funsani Malume: Bondo langa tinalipempherera, ndibwerere m'bwalo?

FUNSO

Malume, ndine mnyamata wa zaka 22, ndimakhala ku Chiputula ndipo ndimasewera kutsogolo mu timu ina ya ligi ya chigawo chakumpoto. Mwezi wa Meyi tikusewera pa Mzuzu Stadium ndinatembenuka mwaliwiro phazi litakanirira pansi, ndipo ndinamva kuti phwa! m'bondo lakumanja. Pofika madzulo linali litatupa ngati dzungu. Kuchipatala anajambula nati fupa silinathyoke, koma ndikabwerenso pakatha masabata awiri. Sindinabwerere. Mayi ananditengera kumapemphero a usiku, tinasala kudya masiku atatu, abusa anandidzoza mafuta. Panopa kutupa kunatha, ululu kulibe. Vuto ndi loti ndikamatsika potsetsereka bondo limagwedera ngati lindigwetsa. Abusa akuti kubwerera kuchipatala ndi kukayikira Mulungu. Mwezi wamawa timu ya mu Super League yandiitana kuti ikandiyese. Ndipite?

Wosowa mtendere, Chiputula

YANKHO

Mphwanga, usapite. Ndikudziwa kuti mawu amenewa akukuwawa kuposa bondolo, koma tamvera kaye.

Mapemphero a mayi ako sindikuwapeputsa, inenso ndimagwada m'mawa uliwonse. Koma ukanandiona podzuka pogwadapo, ndimayamba ndagwira benchi ndi manja onse awiri, kenaka n'kukoka mwendo wakumanzere pang'onopang'ono. Kukazizira mu Juni, chifunga chitakuta Katoto yense, bondoli limandidzutsa tambala asanalire. Ndinalivulaza ngati iwe ndili ndi zaka 24, ndinaona kutupa kwatha, ndinathokoza Mulungu pamaso pa mpingo n'kuvala jombo. Masewero achiwiri okha linagwederanso, ndipo mpira wanga unathera pomwepo.

Zimene wafotokozazi, kulira kwa phwa, kutupa tsiku lomwelo, ndi kugwedera potsika, kawirikawiri zimaloza mtsempha wina wa m'kati mwa bondo umene madokotala amautcha ACL. Ntchito yake ndi kugwira fupa la msongolo kuti lisatsetserekere kutsogolo ukamatembenuka. X-ray imaonetsa mafupa okha, choncho mawu oti fupa silinathyoke sanatanthauze kuti zonse zili bwino. N'chifukwa chake anakuuza kuti ubwerenso, ankafuna kutupa kuchepe kuti aliyeze bwino. Ndipo kutupa kumatha pakokha pakapita masabata angapo ngakhale mtsemphawo uli chidukire. Munthu amayenda bwinobwino mpaka kumsika, koma mpira si kuyenda. Nthawi iliyonse bondo likagwedera limatha kung'amba chicherewecherewe chimene chimakhala ngati mtsamiro pakati pa mafupa, ndipo chimenecho chikaonongeka mavuto ake ndi a moyo wonse.

Za abusa ako, pita kwa iwo mwaulemu ndi Baibulo m'manja, muwerenge limodzi 2 Mafumu 20. Mfumu Hezekiya inadwala, inatembenukira kukhoma n'kupemphera ikulira. Mulungu anamva, nalonjeza kuiwonjezera zaka 15. Komabe mneneri Yesaya analamula kuti atenge nkhuyu aike pachotupacho. Yesaya yemweyo amene anabweretsa yankho la pemphero ndi amene anaitanitsa mankhwala, ndipo palibe amene anamunena kuti akukayikira Mulungu. Ngati abusa akukukondadi, apemphe akuperekeze pa Mzuzu Central Hospital, akapemphere nawe pamzere pomwepo.

Tenga kabuku kako kakuchipatala ndipo ukapemphe kuonana ndi a za mafupa. Ukawauze mawu omwewa oti limagwedera, usakabise poopa kuti akuletsa mpira. Adzakugoneka chagada, dzanja limodzi kugwira ntchafu, linalo kukoka msongolo, kuti amve ngati mtsemphawo ukugwirabe. Akaona kuti pakufunika makina a MRI, amene amajambula ndi mitsempha yomwe, kapena opaleshoni, adzakutumiza okha kumene kuli zimenezo. Ukapemphenso a mafizo, amene amaphunzitsa zolimbitsa chiwalo chovulala. Lero lomwe tenga chingwe uyeze ntchafu zako ziwiri pamwamba pa bondo, mwina upeza kuti yakumanja yawonda kale osadziwa.

Nthawi yake ndi yaitali, sindikunamiza. Virgil van Dijk wa Liverpool anaduka mtsempha womwewu mu Okutobala 2020, ndipo ndi madokotala onse a timu yake anakhala miyezi 9 asanasewerenso. Iweyo wangotha miyezi yochepa. M'miyezi ikubwerayi, anzako akamadutsa ndi mpira kupita kugirawundi iwe uli pamphasa ukukweza mwendo ndi kuwerenga mpaka teni, ndi pamene pemphero udzalifune kwambiri, chifukwa anyamata ambiri amasiyira mafizo panjira mtima ukatopa.

Mphunzitsi wa timu yakuitanayo muimbire foni, umuuze zoona zake ndi kumupempha akukumbukire chaka chamawa. Ukabwerako kuchipatala undilemberenso zimene akupeza. Mayi ako uwapatse moni wanga, uwauze kuti mawa m'mawa ndikagwada ndikutchula pamodzi nawo.

Malume