Funsani za Maluwa: ndikufuna maluwa m'nyumba pa Khrisimasi

FUNSO: Ine ndimakhala ku England ndipo kuno mu Disembala kumazizira koopsa, panja simungaone duwa olo limodzi. Chaka chatha ndinagula mababu a tulip ndi hyacinth, aja ooneka ngati anyezi aja, ndinadzala m'mapoto mu Novembala nkuika pawindo la pabalaza kuti pofika Khrisimasi nyumba ikongole koma anangotulutsa masamba okhaokha basi. Pano tili kumapeto kwa Okutobala, ndipange bwanji kuti ulendo uno zitheke? Ndine mayi wa ku Leeds.

YANKHO: Zikomo mayi, ndipo musadandaule zitheka ndithu, bola musinthe mtundu wa mababu. Nkhani yonseyi yagona pa kuwerenga milungu chobwerera m'mbuyo kuchokera pa 25 Disembala.

Duwa limakhala lilimo kale mkati mwa babu pomwe mukugula paja, koma tulip ndi hyacinth sizilola kulitulutsa bwinobwino zisanamve kuzizira kwa nthawi yaitali, chifukwa kuchilengedwe zimagona m'nthaka nyengo yonse yozizira nkudzaphuka kukayamba kufunda. Ndiye inu munaziika pabalaza pofunda kuyambira tsiku loyamba, mizu isanagwire nkomwe, nchifukwa chake munangokolola masamba. Tulip amafuna milungu 12 mpaka 16 pamalo amdima ozizira madigiri 2 mpaka 9, kenako milungu ina ngati itatu m'nyumba. Werengani nokha muona kuti tafika kale mu Febuluwale. Hyacinth alipo ena olembedwa kuti prepared papaketi, kutanthauza kuti anakonzedwa kale kuti aphuke msanga, amenewo milungu 8 mpaka 10 imakwana koma nawonso amayenera kudzalidwa mu Seputembala kuti apeze Khrisimasi. Tulip ndi hyacinth adzaleni ndithu, adzakusangalatsani chaka chikayamba, muike m'galaja kapena m'firiji ndipo muwalowetse m'nyumba mphukira ikafika masentimita 5. Ngati ndi m'firiji chonde musaikemo maapozi, zipatso zikamapsa zimatulutsa mpweya wa ethylene umene umaononga duwa lija lili mkati.

Za Khrisimasi ino gulani mababu a amaryllis (wa maluwa akuluakulu ooneka ngati lipenga) ndi paperwhite (wa timaluwa toyera), awiriwa safuna zozizira zija ayi.

Amaryllis kwawo ndi ku South America ndipo amatenga milungu 6 mpaka 8, ndiye kuti sabata ino kapena yamawa akhale ali m'dothi. Sankhani babu lalikulu lolimba, mukalisindikiza lisafewe, chifukwa lalikulu nthawi zambiri limatulutsa mapesi awiri. Poto akhale wobooka pansi komanso wothina, mpata wa masentimita awiri kapena atatu kuzungulira babu ndi wokwanira, ndipo musalikwirire lonse, gawo limodzi mwa magawo atatu lizionekera pamwamba. Thirirani kamodzi nkusiya. Apa mpamene anthu ambiri amaphera amaryllis, amaona ngati palibe chikuchitika ndiye tsiku ndi tsiku madzi mpaka babu kuola. Dikirani mphukira ioneke kenako muzithirira dothi likauma pamwamba, ndipo muzitembenuza poto pang'ono masiku angapo aliwonse apo ayi phesi lipendekera kuwindo. Mukaona kuti akufulumira kwambiri mupititseni kuchipinda chozizirirapo, amachedwako.

Paperwhite ndiye wosavuta kwenikweni, milungu 4 mpaka 6 watulutsa, mutha kudikira mpaka pakati pa Novembala. Safuna ndi dothi lomwe, timiyala m'mbale yagalasi, mababu pamwamba moyandikana nsonga kumwamba, madzi azingokhudza kunsi kwake basi osawamiza. Ine ndimakonda kudzala kawiri motalikitsa sabata imodzi kuti ena akalephera tsikulo ena apeze. Fungo lake ndi lamphamvu, ena amalikonda ena limawapweteketsa mutu, ndiye yambani ndi ochepa.

Vuto lake amatalika nkumagwa m'nyumba mukafunda. A pa Cornell University ku America anapeza kuti mphukira zikafika masentimita 3 mpaka 5, mukataya madzi aja nkumathira osakaniza ndi alcohol wa 4 mpaka 6 peresenti, mapesi amafupika koma maluwa osachepa. Ndiye kuti muyezo umodzi wa vodka kapena gin wa 40 peresenti pa miyezo 7 ya madzi. Osati bia kapena wayini chifukwa shuga wake amaononga, ndipo mukapyola 10 peresenti mbewu zimavulala. Ngati zimenezo simugwirizana nazo palibe vuto, ikani pamalo owala koma ozizirirapo nkumangirira ndi kaulusi pa kamtengo.

Chinanso chimene sindingasiye, mababu onsewa ndi poizoni akadyedwa, kwa ana, amphaka ndi agalu omwe, ndiye musawasunge kukhitchini pafupi ndi anyezi weniweni. A hyacinth amayabwanso m'manja, valani magolovesi podzala.