Musalole msanga kuti mwana abwereze giredi 10

Mayi, mwati mwana wanu wakhala miyezi 7 kumalo a boma osungirako ana olakwira malamulo kuno ku America, sukulu amaphunzira konko, koma atatuluka akumuuza kuti abwereze giredi 10 ngati nthawi yonseyi amangogona. Pepani kwambiri. Koma musasaine kanthu kaye. Ine zinandionekera ndi mwana wa achemwali anga, ndipo cholembera ndinali nditachigwira kale.

Ife tinazolowera za MANEB: ulembe mayeso a Fomu 4, ukhoze, basi. Kuno ku America mwana amachita kutolera ma credit (mapointi osonyeza kuti wamaliza phunziro) pa phunziro lililonse, ndipo kawirikawiri amapatsidwa semesita ikatha. Ndiye akalowa mu Okutobala n'kutuluka mu Epulo, semesita ziwiri zonse zaduka pakati. A mu ofesi akaona kuti palibe yomwe anamaliza, amangoti palibe chowerengera. Vuto lina ndi mayina a maphunziro. Wathu uja pepala lake linangolembedwa kuti "Math", pomwe sukulu imafuna "Algebra I". A mu ofesi analiponya m'gulu la ma elective (maphunziro ongosankha, osakakamiza), masamu onse aja kupita pachabe, chonsecho kope lake linali lodzaza mpaka kuchikuto.

Lamulo lili kumbali yanu. ESSA, lamulo la maphunziro la dziko lonse la America la 2015, imalamula state iliyonse yolandira ndalama za maphunziro a ana otere kuti ikhale ndi njira yowabwezera msanga kusukulu pamodzi ndi ma credit awo. Lamulo la 2018 la milandu ya ana linatchulanso za partial credit, kutanthauza kuti ngakhale theka la phunziro liwerengedwe. Momwe amachitira zimasiyana state ndi state. Ku California sukulu ilibe mphamvu yokana partial credit, ndipo kuchokera pa lamulo la AB 2306 la 2016, mwana wotere akasamuka atadutsa chaka chachiwiri cha high school angathe kumaliza ndi maphunziro 13 okha omwe state imafuna, osati mulu wonse womwe district (ofesi yoyang'anira sukulu za m'dera) imafuna.

Choyamba pemphani transcript (pepala la maphunziro omwe anachita ndi momwe anakhozera) kumalo komwe anali, ndipo muwauze alembepo maola omwe anakhala m'kalasi ndi zomwe phunziro lililonse linali nazo. Mapepala a mwana wanu muli ndi ufulu wowaona pansi pa FERPA (lamulo lokhudza mapepala a ana asukulu), sukulu siyenera kupitirira masiku 45. Kenako kaonaneni ndi registrar (wosunga mapepala a ana pasukulu) komanso counselor (mlangizi wa ana), mufanizire phunziro ndi phunziro. Zonse muzilemba pa imelo. Za pafoni anthu amakana mawa lake, ine ndinaziona. Ngati mwanayo ali ndi IEP (ndondomeko ya maphunziro ya mwana wofunika thandizo lapadera), nayonso iyenera kumutsatira.

Wathu tinayendera katatu, ulendo wachitatu nditanyamula kope lija m'jumbo. Masamu anawerengedwa, sayansi anabwereza semesita imodzi yokha nthawi ya summer. Tatiuzani state yomwe muli, muno alipo ena oyandikana nanu.