Amayi, ndalamayo musatumize

Mayi wina wa ku Kawale wandilembera kuti mwana wake walandira imelo yomuuza kuti wapeza ntchito ku bungwe lina lakunja, koma ayambe watumiza ndalama ya fomu. Akufunsa ngati atumize.

Amayi, funso lanu landitosa pachilonda. Kumapeto kwa 2023, mphamvu ya kwacha itangochepetsedwa ndi 44 peresenti, mng'ono wanga, amene anali atatha zaka zitatu ku Area 25 akungoyenda ndi mapepala ake a sukulu, analandira imelo yolembedwa bwino, yokhala ndi chizindikiro cha bungwe lodziwika. Anamuuza kuti akayambe ntchito ku City Centre Lolemba, koma atumize K60,000 pa foni dzuwa lisanalowe, ati yolipirira kuyezedwa m'thupi. Theka la ndalamayo ndinamupatsa ndine, osafunsa kanthu, chifukwa nanenso ndinali nditatopa kumuona akuvutika. Lolemba lija anasita malaya n'kukwera minibasi, koma mlonda wa pageti anamuuza kuti sanali woyamba kubwera ndi kalata yoteroyo. Kwa mlungu wathunthu sanafune kudya nafe limodzi.

N'chifukwa chake ndimakana anthu akamanena kuti amene amaberedwa chonchi ndi opusa kapena adyera. Akubawa amasaka munthu amene wadikira nthawi yaitali, ndipo amamufulumizitsa dala kuti asapeze mpata wofunsa abale ake. Chimene chimandipweteka kwambiri ndi manyazi amene amatitseka pakamwa, moti wina amabisa kuti waberedwa pamene mnansi wake akukonzekera kutumiza ndalama ku nambala yomweyo. Lamulo lolimbana ndi umbanda wa pa intaneti, la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, lilipo, koma apolisi sangafufuze nkhani imene palibe wakainena.

Tsono muuzeni mwana wanu ayang'ane adiresi imene imeloyo yachokera, makamaka mawu otsatira chizindikiro cha @, chifukwa bungwe lalikulu silitumiza kalata za ntchito kuchokera ku gmail.com. Asadine linki iliyonse, ndipo asapereke PIN ya Mpamba kapena Airtel Money, ngakhalenso chithunzi cha chiphaso chake cha unzika. Apite yekha ku ofesi ya bungwelo kukafunsa ngati analengezadi ntchitoyo, ndipo imeloyo asaifufute, akaionetse kupolisi ya Kawale pamodzi ndi nambala imene anamuuza kuti atumizeko ndalama.