Funsani Tikuyankheni: Kodi ndigule sefa yanji ya madzi?

FUNSO

Akonzi, ndine mayi wokhala ku Mufakose kuno ku Harare, ndipo m'nyumba mwathu tilimo anthu asanu ndi awiri, kuphatikizapo mdzukulu wanga wa miyezi inayi amene wayamba kumwa mkaka wa m'chitini chifukwa mayi ake abwerera ku ntchito. Madzi a pa mpopi amabwera mwa apo ndi apo, ndipo akabwera amayamba atuluka ofiirira, nthawi zina akununkha ngati a m'dambo. Masiku ena timatunga pa mjigo wa m'dera lathu, ndipo zikavutitsitsa timatunga pa chitsime chimene malemu amuna anga anakumba kuseri kwa nyumba. Sabata yatha, titaweruka ku msonkhano wa amayi kutchalitchi, kunabwera mnyamata wogulitsa makina osefera madzi otchedwa reverse osmosis. Iye anaviika tizitsulo tolumikiza ku magetsi m'tambula ya madzi athu, ndipo posakhalitsa madziwo anafiira, pamwamba pake n'kuyandama zonyansa, pamene madzi a m'makina ake anangokhala mbee. Anatiuza kuti ameneyo ndi poizoni amene timamwa tsiku ndi tsiku. Kodi ndigule makinawo, ngakhale kuti ndi okwera mtengo, kapena pali sefa ina imene ingatithandize?

Mayi wodandaula, Mufakose

YANKHO

Mayi, pa nkhani ya tambula ija mtima ukhale m'malo, chifukwa zofiira zimene munaonazo sizinachokere m'madzi anu. Zina mwa tizitsulo ta kachipangizo kameneko ndi tachitsulo chenicheni, ndipo magetsi akamadutsa m'madzi chitsulocho chimadyeka n'kusanduka dzimbiri, lomwe ndi limene linafiiritsa madzi ndi kuyandama pamwamba. Madzi alionse okhala ndi mchere wachilengedwe pang'ono amalola magetsi kudutsa, ngakhale a m'botolo ogula m'sitolo, pamene madzi a m'makina a mnyamatayo anali atachotsedwa mchere pafupifupi wonse, n'chifukwa chake sanasinthe. Mukanathira kamchere ka m'ndiwo m'tambula yakeyo, nayonso ikanafiira anthu onse akuona.

Komabe sitikunena kuti madzi anu ndi abwino. Madzi ambiri a m'mipopi ya mu Harare amachokera ku nyanja ya Chivero, imene inapangidwa mu 1952 potseka mtsinje wa Manyame, komanso ku damu la Manyame, ndipo amayeretsedwa ku Morton Jaffray. Nyanja ya Chivero ili kumunsi kwa mzinda, kotero kuti mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba imakatula komweko zonyansa zimene yatola mu mzindamu, ndipo zonyansazo zimameretsa ndere zimene zimapatsa madzi fungo la dambo lija. Madzi amathiridwa klorini asanatumizidwe, koma mapaipi akakhala opanda madzi kwa masiku angapo, madzi akuda a m'nthaka amalowera m'ming'alu, ndipo ndowa zoyamba zimadza ndi matope pamodzi ndi dzimbiri. Mjigo nawo sutsimikizira kalikonse. Mu September 2018 kolera inabuka ku Glen View ndi kwa anansi anu ku Budiriro, ndipo zinapezeka kuti mijigo ina inali itaipitsidwa ndi zonyansa zochokera m'mapaipi a zimbudzi ophulika. Ambiri a ife sitinaiwale 2008 ndi 2009, pamene anthu oposa 98,000 anadwala kolera m'dziko muno ndipo oposa 4,000 anamwalira. Choncho mdani wamkulu wa nyumba yanu ndi tizilombo ta kolera, tayifodi ndi matenda ena otsekula m'mimba, ndipo timeneti timakhala ngakhale m'madzi oyera mbee. Sefa iliyonse imene wogulitsa angakuonetseni, mufunse ngati imatchinga tizilombo timeneti.

Sefa yotsika mtengo kwambiri, ija yooneka ngati mpukutu wa thonje loyera m'chibotolo cha pulasitiki, imagwira mchenga, matope ndi dzimbiri basi. Kawirikawiri pamalembedwa 5 micron kapena 20 micron, kusonyeza kukula kwa mabowo ake, ndipo micron imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Kachilombo ka kolera m'lifupi mwake sikakwana ngakhale micron imodzi, kotero kamadutsa pamenepo monga mmene nyerere imadutsira pa chipata cha ng'ombe. Sefa ya makala okonzedwa mwapadera, imene imapezeka m'majagi ndi m'tizipangizo tomangirira kukamwa kwa mpopi, imachotsa fungo, kukoma koipa ndi klorini, ndipo tiyi amakoma bwino ndithu, koma siipha tizilombo. Ikakhalitsa osasinthidwa, mabakiteriya amaswana m'makalamo.

Pa nyumba ngati yanu ife tingasankhe sefa ya makandulo a dongo lowotcha, ija ya zidebe ziwiri zosanjikizana, pamene mumathira madzi m'chidebe chapamwamba ndipo amadontha kudzera m'makandulo kupita m'chapansi chimene chili ndi kampopi. Makandulo abwino ali ndi mabowo ang'onoang'ono osakwana micron imodzi, ndipo amatchinga mabakiteriya ambiri pamodzi ndi mazira a njoka za m'mimba. Sefa imeneyi siifuna magetsi kapena mphamvu ya madzi a pa mpopi, ndipo imalandira madzi a pa mpopi, a pa mjigo ndi a pachitsime chimodzimodzi. Kuipa kwake n'kwakuti imachedwa, popeza kandulo imodzi imatulutsa pafupifupi lita imodzi pa ola, choncho anthu asanu ndi awiri akufunika sefa ya makandulo atatu kapena anayi, yodzazidwa usiku uliwonse pokagona. Chinanso n'chakuti mavairasi, monga amene amayambitsa matenda a chiwindi a hepatitis A, ndi aang'ono kwambiri ndipo angathe kudutsa, n'chifukwa chake sefa yokha siikwanira.

Tsono dongosolo lake likhale lotere. Madzi oyamba kutuluka pa mpopi muziwasungira kukolopera ndi kuthira m'chimbudzi. Otsatirawo akhale m'ndowa yovundikira mpaka matope adikhe, kenaka muwatsanulire m'sefa, ndipo akasefedwa muwathire mankhwala a klorini monga Aquatabs kapena WaterGuard motsatira muyeso wolembedwa pa paketi kapena pa botolo, n'kudikira mphindi 30 musanamwe. Musasemphanitse dongosololi, chifukwa klorini sagwira bwino ntchito m'madzi amatope, ndiponso makandulo ambiri ali ndi makala m'kati amene angachotse klorini ngati mwayamba mwathira, madziwo n'kukhala opanda chowateteza pamene akusungidwa. Ngati mankhwala atha, wiritsani madzi mpaka abwadamuke kwa mphindi imodzi yathunthu. Pomaliza, madzi akumwa asungidwe m'chigubu chakukamwa kwakung'ono kapena m'chidebe cha kampopi, pakuti ntchito yonseyi imapita pachabe mwana akaviikamo kapu ndi manja osasamba.

Makina a reverse osmosis amene munaonetsedwa ndi amphamvu ndithu, ndipo amachotsa mchere ndi mankhwala osungunuka amene sefa zina zonsezi sizingachotse. Vuto lake ndi lakuti amafuna madzi obwera ndi mphamvu ya pafupifupi 3 bar, pamene thanki yoikidwa pa nsanja ya mamita atatu imapereka 0.3 bar yokha, kotero kuti pamafunika pampu, ndipo pampu imafuna magetsi amene tonse tikudziwa mmene amazimirazimira. Makina ambiri a panyumba amatayanso malita atatu kapena kuposerapo kuti atulutse lita imodzi yakumwa, ndipo tikukayika ngati munthu amene wasenza chigubu kuchokera pa mjigo angakondwe kuona zimenezo. Nyali ya UV, imene imapha tizilombo ndi kuwala, nayonso imadalira magetsi, imafuna madzi osefedwa kale, ndipo babu lake limasinthidwa chaka chilichonse ngakhale likuonekabe kuti likuyaka.

Pali chifukwa chimodzi chokha chimene chingatichititse kukuuzani kuti mugule reverse osmosis, ndipo chikukhudza mdzukulu wanu. Zitsime ndi mijigo ya m'malo okhala anthu mothithikana nthawi zina imakhala ndi mchere wotchedwa nitrate, wochokera ku zimbudzi ndi ku feteleza. Bungwe la World Health Organization linaika malire a 50 mg pa lita, ndipo madzi opitirira pamenepo ndi oopsa kwa khanda losakwana miyezi isanu ndi umodzi, chifukwa magazi ake amalephera kunyamula mpweya mokwanira ndipo milomo imada. Makandulo ndi makala sachotsa nitrate, ndipo kuwiritsa kumamuwonjezera chifukwa madzi amachepa iye n'kutsala. Choncho mkaka wa mwanayo usasungunulidwe ndi madzi a pachitsime chanu. Gwiritsani ntchito madzi a pa mpopi osefedwa ndi owiritsidwa, ndipo muthire ufa wa mkaka madziwo akadali otentha osachepera 70°C, kuti tizilombo timene tingakhale mu ufamo tife, kenaka muuziziritse musanampatse.

Musanatulutse ndalama zambiri, yezetsani madzi a pa mjigo ndi a pachitsime ku labotale, monga ya Standards Association of Zimbabwe kapena Government Analyst Laboratory, ndipo mupemphe kuti akuyezereni nitrate ndi E. coli, mabakiteriya osonyeza kuti madzi aipitsidwa ndi zonyansa za m'chimbudzi. E. coli sayenera kupezeka konse m'mamililita 100 a madzi akumwa. Botolo lotungira mukatenge ku labotale komweko, ndipo madziwo akafike tsiku lomwelo ali ozizira. Popeza mjigo ndi wa anthu ambiri, amayi anzanu a kutchalitchi angathe kusonkha nanu, ndipo nthawi yabwino yoyezetsa ndi ya dzinja, pamene mvula imakokolera zonyansa m'nthaka. Kachipangizo ka TDS kooneka ngati cholembera, kamene ogulitsa amakonda kutulutsa m'thumba, kamangoyeza kuchuluka kwa mchere ndipo sikadziwa kalikonse za tizilombo.

FUNSO

Akonzi, ine ndimakhala ku Mabvuku, ndipo madzi athu onse ndi a pa mjigo amene timawapopera mu thanki ya malita 5,000. Akazi anga amadandaula kuti khungu limawayabwa ndi kuthetheka akasamba, sopo sachita thovu, ndipo m'ketulo mwathu mwamatirira zoyera zolimba ngati mwala. Mnzanga wandiuza kuti ndigule kasefa komangirira pa shawa. Kodi kangathandize?

Bambo wa ku Mabvuku

YANKHO

Bambo, malinga ndi zimene mwafotokozazi, kasefa ka pa shawa kangodya ndalama zanu. Ntchito yake yaikulu ndi kuchepetsa klorini, ndipo kamathandiza anthu amene amasamba madzi a pa mpopi onunkha mankhwala, koma madzi a pa mjigo alibe klorini pokhapokha ngati mumathira nokha mu thanki. Zoyera za m'ketulo ndi kulephera kwa sopo kuchita thovu zikusonyeza kuti madzi anu ali ndi calcium ndi magnesium wambiri, wosungunuka kuchokera m'miyala ya pansi. Mchere umenewu si woopsa pakumwa, koma ukakumana ndi sopo umapanga zinthu zonanda zimene zimatsalira pakhungu ndi m'tsitsi, ndipo kwa anthu ena zimenezi zimayabwitsa. Umamatiriranso m'kati mwa giza ndi kutseka timabowo ta shawa.

Chipangizo chimene chimathetsa vutoli ndi water softener, chomwe chimaikidwa pa paipi yochoka ku thanki kulowa m'nyumba ndipo chimafuna kuthiridwa mchere nthawi ndi nthawi. N'chokwera mtengo, choncho muyambe mwayezetsa madzi kuti mudziwe kukula kwa vuto, ndipo ngati mungachigule muike patsogolo pake sefa yogwira mchenga. Mpopi wa kukhitchini ndi bwino kuusiya osadutsa m'chipangizochi, makamaka ngati m'nyumbamo muli wodwala kuthamanga kwa magazi, chifukwa chimawonjezera sodium m'madzi. Pakadali pano mayi ayese kusamba madzi ofunda pang'ono m'malo mwa otentha kwambiri, achepetse sopo wa mtanda ndi kuyesa sopo wamadzi wosambira, ndipo adzole mafuta khungu lisanaumiretu. Ketulo muwiritsiremo madzi osakaniza ndi vinega kapena mandimu, ndipo zoyerazo zidzasungunuka.

Thanki yanu nayonso muisuzumire. Ngati chivundikiro chili chotsekula kapena dzuwa limalowa m'kati, mumamera ndere ndipo pansi pamadikha matope, zimene palibe kasefa ka pa shawa kangathane nazo, choncho muziitsuka kamodzi kapena kawiri pa chaka. Ngati kuyabwako kuli ndi tizilonda kapena totupa, kapena kwagwira anthu angapo m'nyumbamo, mayi apite kuchipatala, pakuti mphere ndi zipere sizichoka ndi kusintha madzi.

FUNSO

Akonzi, sefa yanga ya makandulo, imene ndinagula miyezi itatu yapitayo, yayamba kudontha mochedwa kwambiri. Kodi yatha ntchito?

Wowerenga wa ku Highfield

YANKHO

Ayi, siinathe ntchito, koma mabowo ake atsekeka ndi matope, zomwe zikusonyeza kuti yakhala ikugwira ntchito yake. Chotsani makandulo ndi manja osamba bwino, muwakweche pang'onopang'ono ndi burashi yofewa kapena siponji yatsopano pogwiritsa ntchito madzi oyera, popanda sopo, ndipo musalole kuti madzi otsukirawo alowe kukamwa kwa kandulo kumene madzi osefedwa amatulukira. Mukamabwezeretsa, onetsetsani kuti mphira wa pansi wakhala bwino ndipo natiyo yamangika. Chimene muyenera kuchiopa kwambiri ndi sefa imene yayamba mwadzidzidzi kudontha mofulumira, chifukwa nthawi zambiri zimenezo zimatanthauza kuti kandulo yachita mng'alu, ndipo kandulo yotero iyenera kusinthidwa tsiku lomwelo. Mupite tsopano ku sitolo kumene munagula sefayo kukafunsa ngati amasunga makandulo a mtundu wanu, ndipo ngati alipo mugulireko imodzi yosungira.