Kwa achemwali a ku Norfolk amene gwape anawadutsa pamphuno

Achemwali, mwati mwangoyamba kumene ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo, mumayendetsa galimoto m'bandakucha ndi usiku m'timisewu ta kumidzi, ndipo dzana gwape anakudutsani pamphuno penipeni cha ku Thetford mpaka miyendo kuchita kunjenjemera. Mukufunsa kuti mungapewe bwanji. Pepani ndithu. Dera lanulo ndi limodzi mwa malo odziwika ndi ngozi zimenezi kuno ku Britain, pamodzi ndi Ashdown Forest, Cannock Chase, Forest of Dean komanso misewu ya ku Highlands monga A9 ndi A82. Choncho si tsoka lanu nokha ayi, ndipo mudzakumana nawonso.

Ife timangoti agwape poti ndi dzina lomwe tili nalo, koma kuno kuli mitundu 6, ndipo inayi mwa iyo ili m'nkhalango ya Thetford momwemo. Kamene kamatchedwa muntjac ndi kakang'ono ngati galu, makilogalamu 10 mpaka 18, kamayenda kokha ndipo mungakapeze mwezi uliwonse, ngakhale kuseri kwa nyumba za anthu. Roe ndi wokulirapo pang'ono. Fallow amayenda chigulu, ndipo wamphongo amatha kupitirira makilogalamu 80. Red ndiye chinyama, wamphongo wamkulu amaposa makilogalamu 150. Kusiyanaku kuli ndi ntchito. Kakang'ono kamaphwanya bampala ndi rediyeta basi. Wamkulu ali ndi miyendo itaiitali, ndiye galimoto imamusesa miyendoyo, thupi lonse n'kugwera pa boneti n'kubwera pa galasi la kutsogolo, pomwe pali nkhope yanu.

Nyengo zoopsa ndi ziwiri. Yoyamba ndi cha mu Meyi, pamene ana a chaka chatha amathamangitsidwa ndi amayi awo n'kumayendayenda kusaka malo awoawo, misewu asakuidziwa. Yachiwiri ndi kuyambira Okutobala mpaka Disembala, nthawi yokwerana ya fallow, red ndi mtundu wina wotchedwa sika. Tonde akamathamangira yaikazi saona lole, saona kanthu. Kuwonjezera apo, Lamlungu lomaliza la Okutobala mawotchi amabwezedwa ola limodzi, ndiye anthu amayamba kuweruka kuntchito chisisira chitagwa kale. Gwape alibe wotchi, amatuluka nthawi yake yomweyo, kungoti tsopano amapeza msewu wadzaza. Pa tsiku, nthawi yake ndi kuyambira dzuwa likamalowa mpaka pakati pa usiku, kenako m'bandakucha mpaka dzuwa litangotuluka. Mukaona bwino, imeneyi ndi nthawi yeniyeni ya mashifiti a ntchito yanu, yodzutsa ndi yogoneka.

Tsono nkhani yaikulu ndi liwiro, ndipo apa tikhalitsepo pang'ono. Timisewu tambiri ta kumidzi tili ndi chikwangwani choyera chozungulira chokhala ndi mzere wakuda wopingasa, kutanthauza kuti galimoto yaing'ono ikhoza kufika 60 mph (mamailosi 60 pa ola). Amenewo ndi malire, sakukulamulani kuti mufike pamenepo. Buku la malamulo a pamsewu la kuno, Highway Code, limati pamsewu wouma galimoto yothamanga 40 mph imafuna mamita 36 kuti iime, ya 50 mph mamita 53, ya 60 mph mamita 73. Kukanyowa, chulukitsani kawiri. Tiyerekeze kuti gwape mwamuona ali mamita 40 kutsogolo, zomwe si zachilendo magetsi akakhala pa dimu kapena mukutuluka pakona. Pa 40 mph muima mutatsala ndi mamita 4, mtima uli phaphapha koma galimoto ili bwinobwino. Pa 60 mph, mamita 18 oyamba amatha phazi lisanafike n'komwe pa buleki, otsalawo ndi 22 okha, ndipo mumuwomba mukuthamangabe pafupifupi 45 mph. Gwape yemweyo, msewu womwewo, dalaivala yemweyo. Lamulo 126 la m'bukumo limanena zomwezi: thamangani liwiro loti mutha kuima mkati mwa mtunda umene mukuuona. Usiku mtunda umenewo ndi pamene pathera magetsi anu.

Tikudziwa kuti ndandanda ya maulendo imakhala yothina, mphindi zoyendera kuchoka kwa agogo awa kupita kwa ena n'zochepa. Koma werengani nokha: pa mtunda wa mamailosi 5, kuyenda 45 m'malo mwa 60 kumakuchedwetsani ndi mphindi zosakwana ziwiri. Wina akakukakamirani kumbuyo magetsi ali m'galasi mwanu, pezani popatukira adutse. Ndi bwino akhale patsogolo, chifukwa tsiku lomwe mudzaponde buleki mwadzidzidzi iyeyo ndiye adzakulowani kumbuyo.

Magetsi ikani pa fulu paliponse pamene kutsogolo sikukubwera galimoto. Maso asamangokhala pa phula, aziyenda uku ndi uku m'mphepete, makamaka pamene nkhalango yafika mpaka pamsewu, pamene mpanda wa zitsamba uli ndi mpata, kapena pamene mbali imodzi kuli mitengo ndipo mbali inayo kuli munda. Amagona m'mitengo, amadya m'munda, msewu uli pakati. Kawirikawiri simuona nyama yonse. Mumaona timadontho tiwiri towala mobiriwirako m'munsi mwa tchire, kapena kamtengo konyezimira ka m'mbali mwa msewu kakuthima n'kuyakanso chifukwa china chake chadutsa patsogolo pake. Chikwangwani cha makona atatu chofiira m'mbali, chojambulidwa gwape akudumpha, amachiika pamene nyamazi zimaoloka kawirikawiri, ndiye mukachiona chotsani phazi pa mafuta. Galasi la kutsogolo muzilipukuta ndi mkati momwe, chifukwa kautsi kamene kamamatirira mkatimo kamamwaza kuwala kwa magalimoto obwera. Matope a m'misewu ya mathirakitala akamata pa magetsi amadya kuwala kwambiri, kansanza kazikhala m'galimoto.

Mukamuona, chitani zinthu ziwiri nthawi imodzi: pondani buleki, bwezani magetsi pa dimu. Magetsi a fulu amamuthobwa m'maso, amangoima njo pakati pa msewu osadziwa kolowera. Huta mukhoza kuliza, koma musadalire kuti athawira kumene inu mukufuna, amatha kutembenuka n'kubwerera komwe wachokera, ziboda zikuterereka pa phula. Akaoloka musafulumire kuponda mafuta. Apa ndi pamene ambiri amalakwa: maso amatsatira amene wadutsayo, pamene wachiwiri ndi wachitatu akutuluka kumbuyo kwake. Fallow akhoza kukhala khumi kapena kuposa, ndipo mwana amatsatira mayi wake zivute zitani. Yendani pang'onopang'ono mpaka mutapitirira malowo, ndipo ngati kumbuyo kuli magalimoto ndipo mwaima, yatsani mahazadi.

Nanga ngati zakanika, mtunda watha? Gwirani chiwongolero ndi manja awiri, khalani mbali yanu, pondani buleki mwamphamvu osasiya. Galimoto za masiku ano zili ndi ABS, buleki imanjenjemera pansi pa phazi n'kumalira ngati chinachake chathyoka. Sichinathyoke, ikugwira ntchito, musachotse phazi ndipo musamapope. Chimene musachite ndi kukhotetsa mwadzidzidzi kuti mumuzembe. Thupi limafuna kutero lokha, n'chifukwa chake muyenera kuganiziratu lero muli pampando. Kumanja kuli galimoto yobwera, kumanzere kuli mtengo kapena ngalande, ndipo ku dera la madambo la Fens ngalandezo ndi zakuya, zodzaza madzi. Tayala limodzi likangoponda udzu wonyowa muli pa liwiro, galimoto imazungulira. Kutsogolo kwa galimoto anakupanga kuti kuphwanyike n'kukutetezani, gwape amasuntha mukamuwomba, koma mtengo susuntha. Ngozi zambiri zomwe anthu amavulala kwambiri zimachokera pa kuzembako.

Timaluzu tomata pa bampala tomwe amagulitsa pa intaneti, toti timathamangitsa agwape ndi phokoso lomwe munthu salimva, musataye nato ndalama. Ofufuza atatiyesa sanapeze umboni woti nyamazo zimasintha khalidwe. Nazo galimoto zodziponda zokha buleki musazikhulupirire kwambiri pa nkhaniyi, zambiri anazikonzera magalimoto ndi anthu oyenda pansi, osati chinthu chotumphuka m'tchire chammbali.

Mukamuwomba, imani pamalo abwino, yatsani mahazadi, ndipo ngati mukutuluka valani chovala chonyezimira n'kuima kutali ndi phula. Ngati pali munthu wovulala kapena nyamayo yagona pamsewu moti ena angachite ngozi, imbani 999. Ngati ili pambali koma ikadali moyo, imbani 101, apolisi ali ndi anthu ophunzitsidwa omwe amawaitana kudzaithetsa ululu. Auzeni nambala ya msewu ndi mudzi wapafupi, kapena gwiritsani ntchito what3words, pulogalamu ya pafoni yotchula malo amene muli ndi mawu atatu, chifukwa kunena kuti "ndili m'nkhalango" usiku sikuthandiza aliyense. Musaiyandikire, musaifunditse, musaikokere kumbali. Gwape wovulala amaponda ndi ziboda zakuthwa, wamphongo amabaya, ndipo mukamuyandikira amatha kudzuka n'kuthamangira pamsewu pomwe pakubwera ena. Lamulo la Road Traffic Act la 1988 limatchula nyama zomwe woyendetsa ayenera kuima ndi kunena akaziwomba, monga galu, kavalo, ng'ombe, nkhosa, mbuzi ndi nkhumba. Gwape mulibemo, komabe nambala yomwe apolisi angakupatseni imathandiza ku inshuwalansi. Yakufa kale ili pambali mumauza khonsolo ya deralo.

Ndipo abale, tinene poyera poti tikudziwana: za ndiwo iwalani. Kutola nyamayo popanda chilolezo cha mwini malo kukhoza kukugwetsani m'mlandu, komanso yomwe mwaipeza itafa mwina dokotala wa ziweto anaibaya jakisoni woipha, ndipo mankhwalawo amakhalabe m'nyama. Nkhupakupa zake nazonso zimafalitsa matenda a Lyme.

Musanapitirize ulendo, walitsani tochi ya foni pansi pa injini. Mukaona madzi akudontha, obiriwira, apinki kapena achikasu, rediyeta yabooka, ndipo mukayenda nayo injini itentha n'kuwonongeka pa mamailosi ochepa, chinthu chodula kuposa bampala. Yesani boneti ngati yatsekeka zolimba, chifukwa loko wake akapindika imatha kutseguka muli pa liwiro n'kuphimba galasi lonse. Onani magetsi onse awiri, ndi pulasitiki yomwe ingakhale ikukhula tayala. Jambulani zithunzi za galimoto, ubweya womwe watsalira pa bampala, ndi malowo, kenako imbirani ku ofesi kuti atumize wina kwa agogo omwe akukudikirani.

Pa inshuwalansi, ya third party siikonza galimoto yanu, imene imalipira ngozi ya nyama ndi ya comprehensive, ndipo mudzalipirabe gawo lanu loyamba lija la excess. Poti palibe woti kampani ikamulipiritse, kuchotsera kwanu kwa zaka zopanda ngozi kukhoza kukhudzidwa ngati simunakuteteze. Ndipo popeza mumayenda kuchoka khomo lina kupita khomo lina pantchito, tsegulani pepala lanu la inshuwalansi usiku uno muone ngati palembedwa business use. Ya kupita ndi kubwera kuntchito yokha siikwanira maulendo amenewo, ndipo kampani ikhoza kukana kulipira ikadziwa kuti munali pakati pa makomo awiri.