Kwa mayi amene mwana wawo akuvutika ndi fizikisi ya Fomu 3

Mayi, ndawerenga uthenga wanu uja woti mtsikana wanu amakhala mpaka usiku ndi homuweki ya fizikisi, mafomula anawaloweza onse koma funso likabwera amasowa poyambira, ndipo mukufunsa ngati mumupezere mphunzitsi wapadera poti inuyo phunziroli simunaliphunzire. Kwa zaka zingapo ndakhala ndikuthandiza ana a abale anga ndi a anthu oyandikana nawo pakhonde panga, choncho ndiloleni ndinenepo zomwe ndaona.

Ndalama ya mphunzitsiyo iyambe yadikira kaye. Mwana amene analoweza mafomula si waulesi, ndipo mutu wake ukugwira bwino. Vuto lake ndi lakuti akangowerenga funso amathamangira kusaka fomula asanaone chimene chikuchitika m'funsomo. Ichi mungathe kumuthandiza inu nomwe, ngakhale musakudziwa kuti Newton anali ndani.

Mukhale naye pamphasa kapena patebulo, kakyuleta muisunge inuyo. Awerenge funso mokweza, kenako atseke buku, akufotokozereni m'Chichewa ngati akukuuzani nkhani ya kumsika. Akalephera kufotokoza, ndiye kuti sanalimve, ndipo palibe fomula imene ingamupulumutse. Akafotokoza, ajambule. Sitikufuna chithunzi chokongola ayi, kabokosi koimira galimoto ndi muvi wosonyeza komwe ikupita n'zokwanira. Pambali pa chithunzicho alembe nambala iliyonse yomwe wapatsidwa pamodzi ndi muyeso wake, ndiponso chimene afunsidwa. Kakyuleta mumubwezere akamaliza zimenezi.

Ndikupatseni chitsanzo chomwe ndinachita ndi mwana wa mchemwali wanga. Funso linati minibasi ikuyenda pa liwiro la 72 km/h, dalaivala waponda mabuleki ndipo yaima patatha masekondi 5, ndiye yayenda mtunda wotalika bwanji isanaime? Mnyamatayo anasankha fomula yolondola, koma analowetsamo 72 momwemo, n'kupeza mamita 180. Analemba yankho, kulitsekera mzere kunsi, n'kumwetulira. Ndinangomufunsa kuti bwalo la mpira la kusukulu kwawo ndi lalitali bwanji. Anati pafupifupi mamita 100. Ndinamufunsanso ngati anaonapo minibasi itaponda mabuleki n'kuseseleka pafupifupi mabwalo awiri a mpira m'masekondi 5 okha. Anakhala chete, kenako anafufuta yekha. Anaona kuti anasakaniza makilomita ndi maola kumbali ina, masekondi kumbali ina. Kilomita imodzi ndi mamita 1,000, ola limodzi ndi masekondi 3,600, choncho 72 km/h ndi mamita 20 pa sekondi. Liwiro likutsika mofanana kuchoka pa 20 kufika pa 0, pakati pake ndi 10, ndipo 10 kuchulukitsa ndi 5 ndi mamita 50, theka la bwalo. Nkhope yake itawala tsiku limenelo sindidzaiwala, chifukwa cholakwikacho anachigwira ndi iye, osati ine.

Funso lakuti "kodi yankho limeneli lingachitikedi?" ndi limene inuyo mungafunse bwino kuposa aliyense, poti mukudziwa kulemera kwa chidebe cha madzi ndi kutalika kwa ulendo wa kuchigayo.

Pali malo ena pamene chilankhulo chathu chimawapunthwitsa ana, ndipo ambiri sazindikira. Ife timati "kulemera" basi, koma fizikisi imasiyanitsa mass ndi weight. Thumba la chimanga la makilogalamu 50 lili ndi mass ya 50 kg, ndipo likhala choncho ngakhale mutalitengera kumwezi. Weight ndi mphamvu imene dziko likulikokera pansi, imayezedwa m'ma newton, ndipo potenga g, kukoka kwa dziko pa kilogalamu iliyonse, ngati 10 monga amachitira m'kalasi, thumbalo ndi 500 N. Chimodzimodzi speed ndi velocity, zonse timangoti liwiro, pomwe velocity imanenanso kolowera. Muuzeni apatule tsamba lomaliza la kope lake, azilembapo mawu otere ndi tanthauzo lake m'mawu akeake. Mayeso a MANEB amabwera m'Chingerezi, ndiye mawuwo ayenera kuwadziwa momwe alili, koma kumvetsa kwake kuyambire m'chilankhulo chimene amaganizira.

Zitsanzo zili pakhomo panu pomwepo. Chidebe cha malita 20 chodzaza madzi chili ndi makilogalamu 20 a madzi, apo ndiye poyambira density, kuchuluka kwa mass ya chinthu poyerekeza ndi malo amene chikutenga. Akapita kumjigo ayese kupopa atagwira kunsonga kwa chogwirira, kenako agwire pafupi ndi pamene chimazungulirapo, amve kusiyana m'manja mwake, ndipo mutu wa moments, wonena za mphamvu yozungulitsa chinthu, sudzamuvutanso kwambiri. Ngati muli ndi magetsi a ESCOM, mayunitsi amene mumagula aja ndi ma kilowatt-hour omwe ali m'buku lake. Ketulo ya mawati 2,000 ikayaka theka la ola yadya yunitsi imodzi. Mupatseni ntchito yowerengera kuti ayironi ndi mababu a m'nyumba akudya mayunitsi angati pa sabata, muone ngati sazayamba kuzimitsa magetsi yekha.

Za foni ndinenepo mosabisa. Ana ambiri akujambula funso n'kutumiza pa WhatsApp, yankho limabwera, amakopera, homuweki yatha. Zimandimvetsa chisoni chifukwa m'chipinda cha mayeso mulibe gulu lomufunsa. Ngati wakanika ndithu, aone njira yomwe mnzake wadutsa, atseke foni, alembe yekha kuyambira pachiyambi, mawa lake abwerezenso funso lomwelo osayang'ana. Mukakhala ndi bandulo yokwanira, webusaiti yoyeserera sayansi yotchedwa PhET, ya University of Colorado Boulder, ndi yaulere, mwana amalumikiza mabatire ndi mababu pasikirini n'kuona lamulo la Ohm, lonena za kayendedwe ka magetsi m'waya, likugwira ntchito, zomwe zimathandiza kwambiri kusukulu zomwe zilibe labu.

Azilemba sitepe iliyonse, asamadumphe. Ochonga mayeso amapereka malikisi panjira yomwe mwana wadutsa, osati pa yankho lomaliza lokha, ndipo nambala yopanda muyeso imaluzitsa malikisi. Mafunso atatu patsiku ochita modekha akuposa makumi awiri okopera. Mapepala a mayeso a MSCE a zaka zam'mbuyo apemphe kwa aphunzitsi ake, azisankha mafunso a mitu yomwe aphunzira kale.

Yesani zimenezi kwa mwezi umodzi. Zikapanda kusintha, pamenepo funani mphunzitsi, koma tsiku loyamba mukhalepo muone kuti cholembera chili m'manja mwa ndani. Chikakhala kwa mphunzitsi ola lonse, funani wina. Pakadali pano nditumizireni chithunzi cha funso limodzi lomwe lamukanika pamodzi ndi zomwe iye walemba, ngakhale zofufutafufuta, tione pamene akukodwa.