Funsani Azaumoyo: Bondo Lotupa ndi Masamba Othowera

FUNSO: Ndinabinya bondo nditaterereka m'matope kudimba, ndipo latupa. Agogo akuti ndithowe ndi masamba a nimu kapena nsatsi, kenako anditeme mphini. Nditani? — Bambo a ku Ngabu, Chikwawa

YANKHO: Pepani bambo. Za kuthowazo agogo sakunama, koma ambiri amafulumira nazo. Masiku awiri oyamba musaikepo chotentha, chifukwa timitsempha tomwe taphulika mkatimo timakhala tikukhabe magazi, ndiye kutentha kumangowonjezera kutupa. Nyowetsani nsalu ndi madzi ozizira a mumtsuko, muike pabondopo mphindi 20, kanayi patsiku, mwendo mutausanjika pa mtsamiro.

Tsiku lachitatu ndiye muyambe kuthowa. Nimu kuchigwa kuno sasowa. Thyolani masamba odzaza manja awiri, tsukani, muwiritse m'madzi okwana malita awiri kwa mphindi 10. Mukaphula, dikirani mpaka chigongono chanu chizipirira m'madzimo. Viikani nsalu yoyera, finyani, thowani mphindi 15 m'mawa ndi madzulo. Ngati ndi nsatsi, fewetsani masamba atatu pa nthunzi, kulungani bondolo, mumange mosathinitsa moti chala chizilowa pansi pa nsaluyo. Chimene chimathandiza kwambiri apa ndi kufundako, chomwe chimayendetsa magazi n'kufewetsa minofu, choncho kutenthetsa mopyola sikufulumizitsa kuchira, kumangosiya matuza. Odwala shuga asamale koposa, poti ena samva bwino kutentha m'miyendo.

Izi n'zothowera basi. Njere za nsatsi zili ndi poizoni woti n'kupha mwana, ndipo nimu musamwetse ana kapena amayi oyembekezera.

Mphini zokha ayi, chonde. Palibe magazi oipa oti atuluke. Kutema n'kutsekulira khomo tizilombo, kuphatikizapo ta kafumbata timene timakhala m'dothi lomwelo la kudimba, ndipo lezala lobwerekana limafalitsa HIV. Ngati simukutha kuponda, bondo lafiira n'kutentha, thupi likutenthanso, kapena sabata yatha osasintha, pitani kuchipatala cha Ngabu akakuoneni. Mwina fupa lathyoka kapena mkati mwayamba mafinya, zomwe masamba sangazifike.

FUNSO: Ndili ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, mapazi onse atupa. Ndithowe ndi chiyani? — Mayi a ku Bangula, Nsanje

YANKHO: Mayi, musathowe kapena kumwa mankhwala azitsamba alionse. Mapazi amatha kutupa pang'ono pakati pakakula, makamaka nyengo yotentha, koma kutupaku kumakhalanso chizindikiro cha kuthamanga kwa magazi, komwe kumakomola mayi n'kuika mwana pachiswe. Pitani kusikelo akakuyezeni BP ndi mkodzo. Ngati nkhope ndi manja zatupanso, mutu ukuwawa kwambiri kapena mukuona zachimbuuzi, musadikire tsiku la sikelo, nyamukani lero lomwe.